Watigonjetsa Ndani? Mlandu wa Wosewera Mmodzi pa Kiriketi ya Maova Owerengeka

Timu ikagonja, ochemerera sabwerera kunyumba opanda dzina pakamwa. Amene anaonerapo mpira wamiyendo pa Mulanje Park, makamaka mu 2024 pamene FOMO FC inkalimbana ndi akuluakulu mu TNM Super League, akudziwa mmene zimakhalira. Anthu asanafike n'komwe pa Chitakale, mlandu amakhala atauzenga kale, wolakwa atapezeka, chigamulo chitaperekedwa. "Watidyetsa ndi goloboyi." "Akanapanda kuphonya uja, bwenzi tikuimba pano." Mtima wa wogonja umafuna pokatula ululu wake, ndipo pafupi pake ndi pamutu pa munthu mmodzi.

Pa kiriketi khalidweli limakula koposa. Pa mpira wamiyendo anthu 22 amathamanga nthawi imodzi, ndipo cholakwa cha wina chimatha kubisala m'chipwirikiti. Pa kiriketi woponya amaponya yekha, womenya amayang'anizana naye yekha, ndipo mpira ukakwera m'mwamba umatsikira munthu mmodzi maso onse ali pa iye. Chilichonse chimalembedwa: wakumana ndi mipira ingati, wapeza marani angati, wapereka angati. Choncho kufunsa ngati munthu mmodzi angagonjetse timu yonse si miseche chabe. Yankho lilipo, ndipo ndi lakuti inde, angathe. Koma kawirikawiri amene timamuloza chala si amene wawononga kwambiri, ndipo amene wawonongadi amakhala kuti alipo wina amene anamuika pamalo osamuyenera.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa kiriketi ya kuno yasiya kukhala ya m'makalabu a azungu ndi amwenye okha monga inalili nthawi ya atsamunda. Malawi inalowa m'bungwe la ICC, loyendetsa masewerawa pa dziko lonse, mu 2003. Mu November 2019 timu yathu ya amuna inasewera masewero ake oyamba ovomerezeka a T20 ndi Mozambique, anansi athu a kutsidya kwa Muloza, mu mpikisano wa Kwacha Cup umene unachitikira ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mu September 2024 ku Dar es Salaam inakhala yachiwiri kwa Tanzania, n'kupeza malo mu ndime yotsiriza ya mu Africa yolimbirana kupita ku World Cup. Ndimeyo inachitikira ku Harare mu 2025, ndipo malo awiri amene analipo anatengedwa ndi Namibia ndi Zimbabwe. Timu ikamakwera chonchi ochemerera amachuluka, oweruza nawonso amachuluka. Ndi bwino tiphunziretu kuweruza mwachilungamo madzi asanafike m'khosi.

Mipira ndi yowerengeka

Timu iliyonse imakhala ndi osewera 11. Ina imamenya, ina imaponya ndi kutchinga, kenako zimasinthana. Ova imodzi ndi mipira 6. Pa masewero a tsiku limodzi timu imapatsidwa maova 50, ndiye kuti mipira 300. Pa T20 imapatsidwa maova 20, mipira 120. Omenya amakhala awiri pa pichi nthawi iliyonse, ndipo akatuluka anthu 10, ndiye kuti mawiketi 10 atatayika, ntchito ya timuyo yatha ngakhale mipira itatsala. Marani amapezeka pothamanga mosinthana mbali, kapena pomenya mpira mpaka kudutsa malire a bwalo: 4 (folo) ukadutsa utagunda pansi, 6 (sikisi) ukadutsa uli m'mwamba.

Pa kiriketi ya Test, ya masiku 5, nthawi ndi yambiri, ndipo womenya amene wakhala maola atatu osatuluka wagwira ntchito yotamandika ngakhale marani ake akhale ochepa. Kiriketi ya maova owerengeka, imene matimu akuluakulu a ku England anayamba kupikisana nayo mu 1963 ndipo inafika pa masewero a mayiko mu January 1971 ku Melbourne, inasintha masamu onsewo. Timu imalowa m'bwalo ndi chuma chamitundu iwiri, mipira ndi mawiketi, ndipo zonse zimatha. Mpira umene wadutsa wopanda rani subwereranso. Palinso lamulo lakuti woponya mmodzi asapitirire maova 10 pa masewero a maova 50, kapena maova 4 pa T20. Choncho kaputeni ayenera kukhala ndi oponya osachepera 5, ndipo sangabise wofooka kumbuyo kwa katswiri tsiku lonse. Ziwiri zimenezi ndizo zimachititsa kuti tsiku loipa la munthu mmodzi lilemere chotere.

Kaundula wa masewero ali ngati sikelo ya m'munda wa tiyi. Wothyola aliyense amabwera ndi dengu lake, kalaliki n'kulemba makilogalamu pa dzina lake, ndipo palibe angatsutse nambalayo. Koma sikelo siuza munthu kuti uyu anapatsidwa mzere wa pamtunda pouma pomwe masamba anali ochepa, kapena kuti uja anayamba mochedwa chifukwa kapitawo anamutuma kwina. Nambala ndi yoona, koma si nkhani yonse. Powerenga kaundula wa kiriketi tiyenera kufunsa kuti munthuyu anapatsidwa ntchito yanji, pa nthawi yanji, ndipo anamutuma ndani.

Womenya amene amadya mipira

Kulephera kowononga kwambiri ndi kuja kosachita phokoso. Womenya akatuluka pa mpira woyamba, wataya wiketi imodzi mwa 10 koma wasiyira anzake mipira yonse. Amene wakakamira pa pichi osapeza marani amamaliza mipira ya anzake, iwo atangokhala pa benchi atamanga kale zotchingira miyendo.

Zotere zinaoneka pa 7 June 1975 pa bwalo la Lord's ku London, pa masewero otsegulira World Cup yoyamba. Nthawi imeneyo maova anali 60. England inapeza marani 334 itataya mawiketi 4. Sunil Gavaskar, mmodzi mwa omenya aluso kwambiri amene India yakhalapo nawo, analowa koyambirira ndipo anakhalabe mpaka mpira womaliza. Anakumana ndi mipira 174, pafupifupi theka la mipira yonse ya timu yake, n'kupeza marani 36 okha. India inathera pa 132 itataya mawiketi 3 basi, n'kugonja ndi marani 202. Omenya 6 sanagwire n'komwe bati. Apa palibe chobisa: Gavaskar anasewera masewero a masiku 5 pa tsiku lofuna liwiro, ndipo anatsekereza anzake. Koma n'zoonanso kuti India yonse inali isanazolowere kiriketi yamtunduwu. Itaiphunzira, inatenga chikhocho pa bwalo lomwelo mu 1983, Gavaskar ali m'timumo.

Pa T20 mipira 20 yokha imakwana kuwononga ntchito yonse. Pa 6 April 2014 ku Dhaka, pa fainolo ya World T20 pakati pa India ndi Sri Lanka, Virat Kohli ankamenya mosangalatsa ndipo anapeza 77 pa mipira 58. Mnzake Yuvraj Singh zinamukanika: marani 11 pa mipira 21. Vuto silinali kuchepa kwa marani kokha. Popeza ankalephera ngakhale kupeza rani imodzi yoti asinthane mbali, Kohli anangoima mbali inayo kuonerera mipira ikutha. India inapeza 130 yokha, ndipo Sri Lanka inadutsa nambalayo mosavuta.

Masewero atatha anthu ena anakagenda nyumba ya Yuvraj ku Chandigarh. Anaiwala kuti munthu yemweyo ndiye anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse pamene India inatenga World Cup mu 2011, ndiponso kuti anabwerera m'bwalo atadwala khansa. Anaiwalanso kuti Lasith Malinga ndi Nuwan Kulasekara a Sri Lanka ankaponya mipira yogwera pamapazi, kutali ndi thupi, mwaluso lalikulu, moti MS Dhoni amene, katswiri womaliza masewero, atalowa anapeza marani 4 okha pa mipira 7. Ndipo Suresh Raina, wodziwika ndi kumenya mofulumira, sanalowe n'komwe tsiku limenelo. Yuvraj analepheradi, koma panali omulepheretsa, panalinso amene anasankha ndondomeko ya kalowedwe ka omenya.

Woponya amene wagumulidwa

Woponya ndiye amanyozedwa msanga, chifukwa rani iliyonse imene wapereka imalembedwa pa dzina lake. Pa 12 March 2006 pa bwalo la Wanderers ku Johannesburg, Australia inapeza 434, nambala imene inali isanaonekepo pa masewero a mayiko a tsiku limodzi. Madzulo omwewo South Africa inayankha ndi 438, n'kupambana kutatsala mpira umodzi ndi wiketi imodzi. Mick Lewis wa Australia anaponya maova 10, anapereka marani 113, osatulutsa munthu. Palibe woponya anapitirira nambala imeneyo mpaka mu 2023, ndipo Lewis sanasewererenso dziko lake.

Koma taonani kaundula yemweyo mbali inayo. Jacques Kallis wa South Africa anapereka marani 70 pa maova 6, ndiye kuti pa ova iliyonse ankapereka ochuluka kuposa Lewis. Palibe amatchula zimenezo, chifukwa timu yake inapambana, komanso chifukwa kaputeni wake Graeme Smith sanamupatse maova onse 10. Koma kaputeni wa Australia Ricky Ponting anapitiriza kupatsa Lewis mpira mpaka gawo lake litakwana. Herschelle Gibbs wa South Africa, amene anamenya 175 pa mipira 111, anapulumuka ali pa 130 pamene Nathan Bracken anagwetsa mpira umene unamufika m'manja. Koma popeza Bracken anatulutsa anthu 5 tsikulo, iye amakumbukiridwa ngati amene anachita bwino. Pa pichi imene matimu awiri anapezapo marani 872, kunena kuti anagonjetsa Australia ndi Lewis yekha ndi kuwerenga mzere umodzi wa kaundula.

Pa 3 April 2016 ku Kolkata, pa fainolo ya World T20, West Indies inkafuna marani 19 pa ova yomaliza. Pa nambala yotere nthawi zambiri amaseka ndi woponya. Kaputeni wa England Eoin Morgan anapereka mpira kwa Ben Stokes, ndipo Carlos Brathwaite anamenya masikisi 4 motsatizana. Stokes ankafuna kuponya mipira ya pamapazi koma inkagwera pomwe bati imafika bwino, ndipo anatsala atanjuta pa pichi manja ali kumaso. Ameneyu ndi mlandu woonekeratu: mipira 4, marani 24, chikho n'kupita. Komabe England inali itapeza 155 yokha, itataya Stokes, Moeen Ali ndi Joe Root m'kanthawi kochepa pamene inkayenera kuwonjezera liwiro. Marani 15 ena akanapezeka pamenepo, masikisi 4 aja sakanakwana.

Palinso kutayikira kwina kumene ochemerera sakuwerengera. Mpira wopita kutali ndi womenya, umene amautcha wide, umapereka rani yaulere ndipo uyenera kuponyedwanso. Woponya akadumpha mzere, imene ndi no-ball, amaperekanso rani yaulere, ndipo pa mpira wotsatira womenya amamenya mopanda mantha chifukwa ngakhale awakhidwe satuluka. Timu ikagonja ndi marani 5 itapereka ma wide 12, wolakwa si amene anaponya ova yomaliza yekha ayi.

Masiku 5 a South Africa mu 1999

Palibe nkhani imene imaonetsa bwino kuvuta kwa mlanduwu kuposa zimene zinagwera South Africa pa World Cup ya 1999 ku England. Inakumana ndi Australia kawiri m'sabata imodzi, ndipo masewero onse awiri anasiya dzina la munthu mmodzi m'kamwa mwa anthu.

Pa 13 June ku Headingley, South Africa inapeza 271, Gibbs atamenya 101. Australia inkayenera kupambana, apo ayi ikanapakira katundu ndipo Zimbabwe ndiyo ikanalowa mu semifainolo. Kaputeni wawo Steve Waugh ali pa 56 anamenyera mpira wosavuta molunjika kwa Gibbs, mmodzi mwa otchinga odalirika kwambiri nthawi imeneyo. Gibbs anauwakha, koma pofuna kuuponya m'mwamba mokondwera asanaugwire zolimba, unamupulumuka n'kugwa pansi. Waugh anapitiriza mpaka 120 osatuluka, ndipo Australia inapambana kutatsala mipira 2. Cholakwachi sichinabwere chifukwa chosowa luso koma chifukwa cha phuma. Komabe Waugh atapulumuka, oponya a South Africa anali ndi maova ambiri oti amutulutsiremo, ndipo sanathe. Ndiponso popanda 101 wa Gibbs yemweyo, sipakanakhala n'choti atchinjirize.

Pa 17 June anakumananso ku Edgbaston mu semifainolo. Australia inatha yonse pa 213, Shaun Pollock atatulutsa anthu 5 ndipo Allan Donald anthu 4. South Africa inayamba bwino mpaka 48 osataya munthu, kenako Shane Warne anatenga mpira, ndipo posakhalitsa inali pa 61 itataya anthu 4. Jacques Kallis ndi Jonty Rhodes anaidzutsa pang'onopang'ono. Ova yomaliza inafika pakufunika marani 9, wiketi itatsala imodzi, Lance Klusener akumenya, Donald ali mbali inayo. Damien Fleming anaponya mpira woyamba, Klusener anaumenya folo. Wachiwiri, folo inanso. Marani anafanana, mipira itatsala 4, ikufunika rani imodzi yokha.

Pa mpira wachitatu Donald anachoka pamzere msanga, ndipo Darren Lehmann anaphonya pang'ono pokha timitengo timene akanatigwetsa Donald akanatuluka. Limenelo linali chenjezo. Pa wachinayi Klusener sanaumenye bwino, koma anangoyamba kuthamanga. Donald, amene maso ake anali pa mpira kuopa zimene zinali zitangochitika, sanamve kuitana. Pamene ankatembenuka, mnzake anali atamufika kale pambali, bati n'kumugwa m'manja. Mark Waugh anaponyera mpira Fleming, Fleming anaugubuduzira Adam Gilchrist, timitengo n'kugwa Donald ali pakati pa njira. Matimuwo anafanana mphamvu pa 213, koma Australia ndiyo inapita ku fainolo chifukwa inali pamwamba pa South Africa pa mndandanda wa ndime yapitayo.

Ndiye wolakwa ndani? Donald, womenya wa nambala 11, amene ntchito yake yeniyeni anali ataigwira kale potulutsa anthu 4 ndi marani 32 okha? Klusener, amene anathamanga mipira ina 2 ikadalipo, koma amene popanda iye timuyo sikanafika pamenepo, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse mu mpikisanowo? Omenya oyambirira amene anagwa motsatizana? Gibbs ku Headingley? Kapena timu yonse, imene inagonja kwa Zimbabwe ku Chelmsford m'ndime yoyamba, Neil Johnson atamenya 76 ndi kutulutsa anthu 3, n'kutaya mapointi amene akanaiika pamwamba? Palinso munthu wina amene sitimutchula. Mu ova ya 49 Paul Reiffel wa Australia analephera kuwakha Klusener pamalire, mpira n'kudumphira kunja kukhala sikisi. Donald akanathamanga, dzina limene bwenzi likutchulidwa lero ndi la Reiffel.

Cholakwa chomaliza ndicho chimakumbukiridwa, chifukwa pambuyo pake sipakhalanso mpata wokonza. Koma chimene chimachipatsa kulemera ndi zolakwa zonse zimene zinatsogola.

Pamene lalephera si dzanja koma mutu

Kugwetsa mpira kapena kuphonya mzere ndi kulephera kwa thupi pa nthawi ya mantha. Kusankha molakwa ndi mlandu wina, ndipo umayenera kufunsidwa mozama. Pa 8 November 1987 ku Eden Gardens, pa fainolo ya World Cup, England inkathamangitsa 253 ya Australia ndipo inali pabwino, pa 135 itataya anthu 2 okha. Kaputeni wa Australia Allan Border, amene sanali woponya wodalirika kwenikweni, anatenga mpira yekha. Pa mpira wake woyamba, kaputeni wa England Mike Gatting anatembenuza bati kuti asesere mpirawo mbali yosemphana ndi yachizolowezi. Mpira unakhudza m'mphepete mwa bati, n'kukwera, n'kugwera m'manja mwa Greg Dyer kumbuyo kwa timitengo. England inagonja ndi marani 7. Lero kamenyedwe kameneko kamaphunzitsidwa paliponse, ndipo si koipa. Chinalakwika ndi nthawi yake: woponya watsopano, mpira woyamba, timu isakufunikira kuika moyo pachiswe.

Kulakwitsa kwina kumachokera kunja kwa bwalo. Pa 3 March 2003 ku Durban, South Africa inkathamangitsa 268 ya Sri Lanka mvula ikuyamba. Mvula ikadula masewero, wopambana amapezeka ndi masamu a Duckworth ndi Lewis, amene amaona maova ndi mawiketi otsala. Mark Boucher anauzidwa kuti nambala yofunika pakutha pa ova ya 45 ndi 229. Anamenya sikisi pa mpira wa Muttiah Muralitharan n'kufika pa 229, kenako mpira womaliza anangoutchinga osathamanga, poganiza kuti ntchito yatha. Koma 229 inali nambala yofanana mphamvu. Yopambanira inali 230. South Africa inatuluka mu World Cup ya pakhomo pake, ndipo Shaun Pollock anachotsedwa pa ukaputeni. Boucher anachita zimene anauzidwa. Kuno ku Mulanje, kumene chiperoni chimatsika paphiri osagogoda, timu iliyonse imene idzasewere kiriketi yolongosoka idzafunika munthu wodziwa kuwerenga pepala limenelo molondola.

Kulephera kogula

Pali mtundu umodzi wokha wa kusachita bwino umene suyenera chifundo, ndiwo wochita dala chifukwa cha ndalama. Mu April 2000 apolisi a ku Delhi anaulula kuti kaputeni wa South Africa, Hansie Cronje, ankalankhulana ndi anthu a juga. Pa kafukufuku wa King Commission ku Cape Town zinadziwika kuti Cronje analonjeza Gibbs madola 15,000 kuti apeze marani osafika 20 pa masewero a ku Nagpur, ndipo analonjeza Henry Williams ndalama yomweyo kuti apereke marani opitirira 50. Onse awiri anavomera. Pa tsikulo Gibbs anamenya 74, ndipo Williams anavulala asanamalize maova awiri. Awiriwo anaimitsidwa miyezi 6, Cronje analetsedwa kiriketi moyo wake wonse.

Nkhaniyi ili ndi phunziro kwa ife masiku ano pamene kubetcha kwafika pa foni ya aliyense, ku Limbuli ngakhale ku Muloza, ndipo wodyedwa ndalama sachedwa kunena kuti "wagulitsa gemu." Amene anavomera kugulitsa anamenya 74, pomwe Yuvraj, amene ankayesetsa ndi mtima wonse, anapeza 11. Kaundula sangasonyeze chinyengo. Chinyengo chimafuna umboni, ndipo kunamizira wosewera kuti wadya ndalama chifukwa chakuti tsiku lamuipira ndi kumupha ali moyo.

Wolepherayo timutani?

Pa 18 April 1986 ku Sharjah, Pakistan inkafuna marani 4 pa mpira womaliza, ndipo Javed Miandad anamenya sikisi pa mpira wa Chetan Sharma wa India. Sharma sanatayidwe, ndipo chaka chotsatira ku Nagpur anakhala munthu woyamba kutulutsa omenya 3 pa mipira 3 yotsatizana mu World Cup. Stokes nayenso England inamusunga. Pa 14 July 2019 ku Lord's anamenya 84 osatuluka pa fainolo imene inapatsa dziko lake World Cup yoyamba, ndipo mu 2022 ku Melbourne anamenya 52 osatuluka pamene England inatenga chikho cha T20. Mohammed Shami anatukwanidwa pa intaneti chifukwa cha chipembedzo chake India itagonja kwa Pakistan ku Dubai mu October 2021, ngakhale kuti palibe woponya wa India ndi mmodzi yemwe amene anatulutsa munthu tsikulo. Kaputeni wake Kohli anamuikira kumbuyo poyera, ndipo pa World Cup ya 2023 Shami anatulutsa anthu 24, kuposa wina aliyense.

Izi sizikutanthauza kuti wosewera asamadzudzulidwe. Timu imene imaopa kutchula cholakwa siphunzira. Koma kudzudzula kwabwino kumayamba ndi kusiyanitsa. Kodi lalephera ndi dzanja pa nthawi ya mantha? Mankhwala ake ndi kukonzekera ndi kumupatsanso mpata. Kodi wawerenga masewero molakwa? Pamafunika kukhala naye pansi, kuonanso mpira ndi mpira. Kodi anapatsidwa ntchito yoposa msinkhu wake? Ndiye kuti funso lipite kwa kaputeni ndi kochi. Kodi sanakonzekere chifukwa cha ulesi kapena mphwayi? Ameneyo akhale pa benchi mpaka asinthe. Kodi wachita dala? Ameneyo achoke. Kuphatikiza zonsezi m'mawu amodzi akuti "watigonjetsa" ndi kumwetsa odwala matenda osiyana mankhwala amodzi.

India kapena Australia ikataya wosewera, pakhomo pamakhala mazana akudikira. Ife tilibe mwayi umenewo. Kwa zaka zingapo timu yathu yatsamira pa anthu ochepa monga Moazzam Baig ndi Sami Sohail, ndipo timu iliyonse yodalira anthu awiri kapena atatu imaoneka ngati yagonjetsedwa ndi iwowo tsiku limene zawakanika. Koma pa T20 ngakhale womenya woposa onse pa dziko amatuluka msanga kawirikawiri, chifukwa masewerowo amamukakamiza kumenya mipira yoopsa. Timu yolimba ndi imene womenya wa nambala 6 ndi woponya wachisanu amatha kunyamula katundu pamene katswiri wagwa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ukalephera kusenza si mutuwo wolakwa.

Anthu amenewo sangachokere ku Blantyre ndi ku Lilongwe kokha. Ayenera kuchokeranso m'masukulu a m'maboma monga Mulanje, Thyolo ndi Phalombe, anyamata ndi atsikana omwe. Ubwino wake ndi wakuti zambiri zimene zagonjetsa matimu m'nkhani zonsezi sizifuna ndalama kuti zikonzedwe. Kuwakha mpira mpaka utakhazikika m'manja, kuponya osadumpha mzere, kukankhira mpira pampata kuti mnzako wotentha abwerere pomenya, kuitanizana mokweza kuti "tiye", "ayi" kapena "dikira" musanathamange: zonsezi mphunzitsi angathe kuphunzitsa pa bwalo la sukulu ndi mpira wa tenisi ndi thabwa. Pamodzi ndi zimenezi, mwana aphunzitsidwenso kuti akagwetsa mpira abwerere pamalo pake n'kudikira wina, ndipo anzake aphunzire kumulimbitsa mtima, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Dziko la osewera ochepa ngati lathu likataya mwana mmodzi waluso chifukwa cha ova imodzi yoipa, limataya zambiri kuposa masewero amene lagonjawo.